Miyezi itatu yoyamba ya pakati: zimene ndinamva m'thupi ndi zimene ndinafunsa

Kwathu kuno mimba siilengezedwa ikadali yaing'ono. Tinakula tikumva akuluakulu akunena kuti mkazi akaima ayenera kusunga pakamwa kufikira anthu ataona okha, chifukwa si onse okusekerera amene amakufunira zabwino. Mwambo umenewu sindiunyoza, pakuti mbali ina umateteza mkazi ku ntchito yowawa yofotokozera mudzi wonse ngati mimbayo yapita padera. Komabe chimene ndinaona ine ndi chakuti miyezi yomwe timabisayi ndi imene thupi limasintha mofulumira kwambiri, ndipo mafunso amachuluka pa nthawi imene palibe woti umufunse. Ndikulemba izi chifukwa cha amayi anzanga amene ali m'miyezi imeneyi, amene usiku amagona akudzifunsa ngati zimene akumva m'thupi ndi za mimba chabe kapena ndi matenda ofunika kuthamangira nawo kuchipatala.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndimakhala ku Chinamwali mumzinda wa Zomba, ndipo iyi inali mimba yanga yoyamba. Ndinasamba komaliza mu Seputembala. Chizindikiro choyamba chinali mawere, amene anayamba kulemera ndi kuwawa kotero kuti ngakhale madzi osamba ankandipweteka akamadutsa pansonga pake, ndipo mbali yakuda yozungulira nsongazo inayamba kukula ndi kuderapo. Tsiku la msambo litadutsa ndinagula kachida koyezera mimba pa famase ina m'tauni, ndipo ndinayeza ndi mkodzo woyamba wa m'mawa, umene amati ndi wodalirika chifukwa sunasungunuke ndi madzi akumwa masana. Mizere inatuluka iwiri, koma wachiwiriwo unali wosaoneka bwino, ndipo funso langa loyamba linabadwira pomwepo. Yankho lake ndi lakuti kachidako kamafufuza homoni (mankhwala amene thupi limadzipangira lokha) yotchedwa hCG, imene imapangidwa ndi timaselo timene pambuyo pake timadzakhala nsengwa, ndipo imayamba kupezeka dzira likangokhazikika m'chiberekero. M'masabata oyambirira homoni imeneyi imachuluka kuwirikiza kawiri pa masiku 2 kapena 3 alionse, choncho mzere wofooka nthawi zambiri umangotanthauza kuti mwayeza msanga. Mkazi amene wapeza mzere umodzi wokha koma msambo sukubwerabe ayenera kudikira masiku angapo ndi kuyezanso.

Chinthu chimodzi chimene ndikupempha mkazi aliyense ndi kulemba tsiku limene msambo wake womaliza unayamba. Kuchipatala amawerengera mimba kuchokera pa tsiku limenelo, osati pa tsiku limene mukuganiza kuti munatenga pakati, ndipo ulendo wonse ndi wa masabata 40, omwe ndi masiku 280. Izi zikutanthauza kuti pamene mwangozindikira kuti msambo wadumpha, m'buku la kuchipatala muli kale pa masabata 4 kapena 5. Mankhwala ena amayamba pa sabata yakeyake, ndipo tsiku limenelo likasowa anamwino amavutika kudziwa nthawi yoyenera kukupatsani.

Mseru unandiyamba chapakati pa Okutobala, dzuwa la ku Zomba litafika poipa. Anthu amati umabwera m'mawa, koma wanga unkayamba chakumasana ndikamatuluka m'kalasi, n'kukula madzulo pa nthawi yophika. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi mphuno. Ine ndinakulira matemba a ku Chilwa ndipo sindinadziwepo kuti ali ndi fungo loti munthu n'kulithawa, koma m'masiku amenewo sindinkatha kudutsa mbali ya nsomba mumsika waukulu wa Zomba popanda kutseka mphuno ndi chitenje. Anyezi akamakazingidwa kwa aneba, utsi wa minibasi pa depoti, ngakhale sopo amene amuna anga ankasambira, zonse zinkandiutsa mtima. M'kamwa munkamveka kukoma kwa chitsulo, ndipo malovu ankadzaza kotero kuti ndinkayenda ndi kabotolo m'chikwama, chinthu chimene chinkandichititsa manyazi kwambiri pamaso pa ana a sukulu. Nditafunsa kusikelo, namwino anandiuza kuti pafupifupi amayi 7 mwa 10 alionse oyembekezera amamva mseru, kuti nthawi zambiri umayamba pa sabata ya 6, umafika pachimake pa sabata ya 9 kapena ya 10, yomwenso ndi nthawi imene hCG imakhala yochuluka kwambiri m'magazi, ndipo kwa ambiri umachepa pakati pa sabata ya 12 ndi ya 16. Kudziwa kuti vutoli lili ndi malire kunandilimbitsa mtima kuposa china chilichonse, chifukwa kufikira pamenepo ndinkaganiza kuti ndidzakhala choncho miyezi yonse isanu ndi inayi.

Zimene zinandithandiza zinali zazing'ono. Ndinaphunzira kuti m'mimba mopanda kanthu ndi mmene mseru umakulira, choncho ndinkagona ndi mbatata yootcha kapena chigumu pafupi ndi bedi, ndipo ndinkadya pang'ono ndisanadzuke. M'malo mwa nsima yambiri kawiri pa tsiku ndinkadya pang'onopang'ono kangapo: phala la mgaiwa m'mawa, chinangwa chophika pa nthawi yopuma kusukulu, mpunga wopanda mafuta ndi nkhwani madzulo. Chakudya chozizira chinkalowa bwino kuposa chotentha chifukwa sichitulutsa fungo lambiri. Madzi ndinkamwa pakati pa zakudya, osati pamodzi ndi chakudya, ndipo ndinkafinyiramo ndimu. Jinja wowiritsa m'madzi anandithandizanso, ndipo namwino anavomereza kuti ndi wabwino akamwedwa mosapitirira muyeso. Mango osapsa othira mchere, amene mu Okutobala amapezeka paliponse, ndinkawalakalaka usana ndi usiku, ndipo palibe amene anandiletsa, kupatula kundikumbutsa kuwatsuka bwino.

Pali kusanza kwina kumene sikuyenera kupiriridwa kunyumba, ndipo apa ndikufuna ndimveke bwino chifukwa amayi ambiri amauzidwa kuti alimbe mtima, poti aliyense anadutsa momwemo. Ngati tsiku lathunthu lapita osatha kusunga ngakhale madzi m'mimba, ngati mkodzo wachepa n'kukhala wachikasu chodera, ngati mukuchita chizungulire mukaimirira, ngati thupi likutsika kapena m'masanzi mukuoneka magazi, amenewo ndi matenda amene madokotala amawatcha hyperemesis gravidarum, ndipo amafuna diripi ndi mankhwala oletsa kusanza amene ndi osaopsa kwa mwana. Kusanza kotere si kufooka kwa mtima kwa mkaziyo, ndiponso si chizindikiro chakuti mwanayo ndi wamkazi kapena wamwamuna monga amanenera ena pofuna kukusangalatsa.

Kutopa ndi kumene kunabweretsa kusamvana m'nyumba. Ndikaweruka kusukulu ndinkafika kunyumba ngati ndalima munda wonse ndekha, ndipo ndinkagona pamphasa mbale zisanatsukidwe. Apongozi anga, amene anabwera kudzacheza kuchokera kumudzi ndipo sankadziwa kanthu, anaona ngati ndayamba ulesi, ndipo ndinamva akufunsa mwana wawo kuti, "Kodi akazi anuwa ndi mmene amakhaliramu?" Mawuwo anandilasa, koma sindiwaimba mlandu, chifukwa munthu saweruza bwino chimene wabisiridwa. Usiku umenewo ndinati kwa amuna anga, "Bambo, inu mukudziwa chimene chikundichitikira, ndipo ngati sitiwauza amayi, ndiye kuti inu ndi amene muyenera kundiikira kumbuyo." Kuyambira pamenepo anatenga ntchito yophika madzulo ndi yotunga madzi mpopi ukauma, ndipo patapita masiku tinagwirizana kuwauza apongozi okha, amene anasintha nthawi yomweyo n'kuyamba kundiphikira phala.

Chimene chimabweretsa kutopa kotere ndi homoni ina yotchedwa progesterone. Poyamba imapangidwa m'thumba la mazira, pamalo pamene dzira linatulukira, ndipo mimba ikafika cha m'ma sabata 10 nsengwa imatenga ntchitoyo. Ntchito yake yaikulu ndi kusunga chiberekero kuti chisafinye ndi kutaya mimba, koma siisankha, ndipo imafewetsanso minofu ya m'matumbo, ya kukhosi ndi ya mitsempha ya magazi. N'chifukwa chake mkazi amakhala ndi tulo tosatha, chakudya chimayenda pang'onopang'ono m'matumbo mpaka kudzimbidwa, chilungulira chimakwera pakhosi akangogona atadya, ndipo kuthamanga kwa magazi kumatsika pang'ono moti akadzuka mofulumira amaona mdima. Nditamvetsa zimenezi ndinasiya kudabwa kuti mavuto osiyana chotere akubwera bwanji nthawi imodzi, popeza gwero lake linali limodzi. Kudzimbidwa ndinalimbana nako ndi mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, mapapaya, masamba ambiri ndi madzi, komanso kuyenda pansi madzulo kukazizira. Za chilungulira ndinapeza kuti kudya dzuwa lisanalowe ndi kukweza mutu pogona kunali kokwanira. Soda wophikira therere, amene mnzanga wina anandilangiza kuti ndizisungunula m'madzi n'kumwa, namwino anandiletsa chifukwa ali ndi mchere wambiri.

Kukodza pafupipafupi kunandisokoneza chifukwa ndinkaganiza kuti kumabwera mimba ikakula ndi kupanikiza chikhodzodzo. Zoona zake n'zakuti kumayamba msanga, popeza magazi amayamba kuchuluka m'thupi kuyambira masabata oyambirira, mpaka pofika kumapeto amakhala atawonjezereka ndi magawo 40 mpaka 50 pa 100 alionse, ndipo impso zimasefa madzi ambiri kuposa kale. Kukodza kawirikawiri popanda ululu ndi kwa mimba. Koma kukodza kotentha, mkodzo wonunkha kapena wamagazi, ndi kupweteka m'chiuno cham'mbali pamodzi ndi kutentha thupi, ndi matenda a m'njira ya mkodzo, amene mwa mayi woyembekezera amatha kukwera msanga kukafika ku impso.

Nkhani ya chikazi ndi imene ndinachita nayo manyazi kwambiri kufunsa, ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha. Chinachuluka, choyera ndi chamadzimadzi, ndipo ndinachita mantha kuti mwina ndatenga matenda. Achemwali anga aakulu, amene ndinawaimbira foni nditasowa mtengo wogwira, anandiuza kuti, "Iwe, safunsa anadya phula, pita ukawafunse anamwino, adaona zambiri kuposa zimenezo." Ndinapita, ndipo ndinauzidwa kuti homoni ya estrogen ndi imene imachulukitsa chikazi, ndipo ngati ndi choyera, chosanunkha ndi chosayabwa, chimateteza njira ya chiberekero ku tizilombo. Chikakhala chachikasu kapena chobiriwira, chonunkha, choyabwa kapena chobwera ndi zilonda, pamafunika kuyezedwa. Ambiri mwa ife zoterezi timangoti ndi mauka, n'kuthamangira mankhwala achikuda oika kumaliseche kapena kukadulidwa ndi lumo kwa agogo, koma zimenezi zimatsegulira njira matenda ena, ndipo zimachedwetsa chithandizo cha matenda ngati chindoko amene amavulaza mwana m'mimba. Estrogen yomweyo imafewetsanso nkhama, ndipo zanga zinkatuluka magazi ndikamatsuka mano. Sindinasiye kutsuka, ndinangosintha mswachi n'kugula wofewa.

Za mtima nazo ziyenera kunenedwa. Mimba imeneyi tinkaifuna, tinaipempherera, komabe ndinkapezeka ndikulira popanda chifukwa chooneka, ndipo mawu aang'ono ankandikwiyitsa tsiku lonse. Ndinkadziimba mlandu kuti mwina ndine wosayamika. Kusinthasintha kotere kumachitika kwa ambiri pamene mahomoni akukwera mofulumira, makamaka akaphatikizana ndi kusagona bwino, njala ndi nkhawa ya ndalama, ndipo kumabwera n'kupita. Chosiyana ndi chisoni chimene chakhazikika masabata awiri kapena kupitirira osachoka, pamene munthu sakusangalalanso ndi chilichonse, sakudya, sakugona, kapena akuganiza zodzivulaza. Amenewo ndi matenda a nkhawa amene amagwira amayi oyembekezera monga mmene amagwirira amene angobereka, ali ndi chithandizo, ndipo kuwatchula kwa namwino si kudzitcha wamisala.

Tsiku limene ndinaopa kwambiri linali la mu Novembala, pamene ndinaona timadontho ta magazi odera pa kabudula wamkati. Panalibe ululu, koma miyendo inandizizira, ndipo ndinakwera kabaza nthawi yomweyo kupita kuchipatala. Atandifunsa za kuchuluka kwa magaziwo ndi za ululu, ananditumiza kukaunikidwa ndi makina ku Zomba Central Hospital, kumene anapeza kuti mimba ili m'chiberekero ndipo mtima wa mwana ukugunda. Dokotala amene anandiona anandifotokozera mofatsa kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi alionse amaona magazi m'miyezi itatu yoyamba, ndipo ambiri mwa iwo amapitirira bwinobwino, chifukwa khomo la chiberekero limakhala lofewa ndi lodzaza magazi moti limatha kuchucha pang'ono ngakhale pambuyo pogona ndi mwamuna. Anawonjezera kuti ndinachita bwino kubwera, popeza palibe amene angasiyanitse magazi osaopsa ndi oopsa atakhala kunyumba.

Choopsa chimene iwo amafuna kuchichotsa poyamba ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero, kawirikawiri m'njira imene dzira limadutsa. Imachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100 zilizonse, ndipo kachida koyezera kamaonetsa mizere iwiri monga mwa masiku onse, mseru ndi kuwawa kwa mawere zimakhalaponso, choncho mkazi sadziwa kanthu kufikira njirayo itayamba kung'ambika. Zizindikiro zake ndi kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, magazi ochepa odera, kupweteka pansonga ya phewa, chizungulire ndi kukomoka. Munthu wotere sayenera kudikira kuti kuche, ndipo ayenera kupita kuchipatala chimene amachita opaleshoni. Apa ndi pamene kubisa kumapha, chifukwa mkazi akakomoka pamene palibe wodziwa kuti ndi woyembekezera, achibale amataya nthawi kumuthira madzi ndi kumupempherera, ndipo ngakhale kuchipatala sakhala ndi choti anene. Ndi chifukwa chake ndimati bisirani mudzi ngati mukufuna, koma munthu mmodzi wokhala nanu pafupi adziwe.

Za kupita padera ndinazifunsanso, ngakhale mawuwo ankandivuta kutchula. Mimba 10 mpaka 20 mwa 100 zilizonse zodziwika zimathera m'njira, zambiri m'masabata 12 oyambirira, ndipo pafupifupi theka la zimenezi zimachitika chifukwa chakuti panali cholakwika m'mapangidwe a mluza kuyambira tsiku loyamba, chimene mayi sakanatha kuchiletsa. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndaona amayi akunenedwa kuti ananyamula ndowa yolemera, kapena kuti m'nyumba muli amene sanadzisunge, ndipo chisoni chawo chimawonjezeredwa ndi mlandu umene si wawo. Mayi amene wataya magazi ambiri, akutuluka zimagazi zoundana, akumva kupotokola kwambiri kapena watentha thupi pambuyo pake ayenera kuonedwa kuchipatala, kuti zotsalira m'chiberekero zisabweretse matenda.

Sikelo ndinayamba mimba isanakwane masabata 12, pa chipatala chaching'ono chapafupi ndi kwathu. Pamzere amayi ena ankandiyang'ana pamimba modabwa, ndipo mmodzi anandifunsa mwachifundo kuti, "Nanga inu mayi mwabwera kudzaperekeza ndani?" Ambiri anali atayamba pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ena poopa kuti adzatopa ndi maulendo, ena poopa kuonedwa ndi aneba, ndipo ena chifukwa amuna awo anakana kuwaperekeza. Mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linasintha malangizo ake kuchoka pa maulendo 4 kufika pa maulendo 8, ndipo ulendo woyamba uyenera kuchitika m'masabata 12 oyambirira. Kubwera ndi mwamuna n'kwabwino chifukwa mumayezedwa ndi kulangizidwa pamodzi, ndipo anga anapita nane, koma mayi amene mwamuna wake ali kutali kapena wakana asalole kuti zimenezo zimusunge pakhomo.

Pa ulendo woyambawo anandiyeza kulemera, kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi, chindoko ndi HIV, anandibaya katemera wa kafumbata ndi kundipatsa neti. Kuyezedwa HIV msanga kuli ndi phindu lalikulu, ndipo m'nkhani imeneyi dziko lathu linatsogola, pakuti mu 2011 Malawi ndi amene anayamba njira yotchedwa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV nthawi yomweyo ndi kupitiriza moyo wake wonse, ndipo maiko ena anatsatira pambuyo. Anandipatsanso mapiritsi owonjezera magazi, amene muli ayironi ndi vitamini wotchedwa folic acid. Mlingo wa folic acid umene amalangiza ndi mamaikulogalamu 400 pa tsiku, ndipo kufunika kwake kuli koyambirira kwenikweni, chifukwa kanjira kamene kamadzakhala ubongo ndi msana wa mwana kamatsekeka pofika masiku 28 mayi atatenga pakati, pa nthawi imene ambiri a ife timakhala tikungoyamba kukayikira. Mkazi amene akukonzekera kutenga pakati angachite bwino kuyamba kumwa asanaime.

Mapiritsi a ayironi ali ndi zovuta zake, ndipo ndikudziwa amayi amene amawataya m'chimbudzi. Amachititsa kuti chimbudzi cha munthu chizituluka chakuda, amawonjezera kudzimbidwa, ndipo ena amawautsa mseru. Ine ndinapeza kuti ndikamwa usiku nditadya pang'ono sankandivutitsa, ndipo ndinauzidwa kuti ndisamamwere tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi, pamene zipatso zowawasa monga malalanje ndi malambe zimathandiza. Kuchepa kwa magazi kumabisala mosavuta kumbuyo kwa kutopa kwa mimba, ndipo kumaonekera pamene zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera, mtima ukugunda mofulumira ndiponso mpweya ukuperewera pokwera kamtunda kakang'ono, ndipo ku Zomba kuno mitunda siisowa. Chilakolako cha dothi nachonso chinandifikira mvula yoyamba itagwa, fungo la nthaka yonyowa litandilowa. Nditaulula kusikelo sanandiseke, anangoti chilakolako chotere nthawi zambiri chimayenda limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo dothilo limatha kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba komanso limatseka matumbo. Ndinalipewa, ndipo chilakolakocho chinachepa ndikupitiriza mapiritsi. Mazira a nkhuku, amene apongozi anandiletsa poti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ndinawafotokozera mwaulemu zimene ndinamva kuchipatala, ndipo ndinapitiriza kudya ophika mokwanira, pamodzi ndi nyemba, nandolo, bonongwe ndi chisoso.

Kudziwa za mahomoni kuli ndi ngozi yakeyake, yoti munthu amayamba kuwakankhira chilichonse. Kumayambiriro kwa Disembala, mvula itakhazikika ndi udzudzu utachuluka, ndinadzuka ndi mutu, kuphwanya m'thupi ndi kuzizidwa, ndipo mseru umene unali utayamba kuchepa unabwereranso. Zonsezi zikanatha kuoneka ngati za mimba, koma thupi linali lotentha, ndipo ndinakumbukira mawu a namwino akuti mahomoni angakupatseni kufunda pang'ono koma sabweretsa kutentha kofika madigiri 38 kapena kunjenjemera. Ndinapita tsiku lomwelo, anandibaya chala, ndipo anapeza malungo. Anandifunsa kaye za msinkhu wa mimba asanasankhe mankhwala, ndipo ndinachira m'masiku ochepa. Malungo mwa mayi woyembekezera ndi oopsa kuposa mwa munthu wina, makamaka pa mimba yoyamba, chifukwa chitetezo cha thupi chimatsika ndipo tizilomboto timaunjikana mu nsengwa, kumene timachepetsa magazi a mayi ndi chakudya chofika kwa mwana, mpaka kuchititsa kupita padera kapena kubadwa kwa mwana wochepa thupi. M'boma lathu lino, makamaka m'madera a kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, neti siyoyenera kusungidwa m'sutikesi kudikira mwana.

Pa nkhani ya mankhwala ndinadziikira lamulo losagula chilichonse pa gulosale popanda kufunsa. Panado ndi amene anandilola kumwa mutu ukavuta, motsatira mlingo wake. Bulufeni ndi mankhwala ena a ululu a mtundu umenewo anandiuza kuti ndiwapewe, chimodzimodzinso makapisozi amene anthu amagulitsana popanda kalata ya dokotala, chifukwa ena, monga doxycycline, si abwino kwa mwana. Mowa sindinkamwa kale, koma ndinauzidwa kuti palibe mlingo wake umene umadziwika kuti ndi wosaopsa pa mimba. Mankhwala achikuda omangira mimba ndinawakana ngakhale anabwera kuchokera kwa anthu ondikonda, pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti palibe amene ankatha kundiuza chimene chili m'botolomo ndi kuchuluka kwake. Kumbali ina, mayi amene ali kale pa mankhwala a khunyu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV asawasiye yekha atangozindikira kuti waima, koma apite nawo kuchipatala kuti akaone ngati pali ofunika kusintha. Mafunso ena ang'onoang'ono amene ankandifikira ndili kunyumba ndinkawafunsa ku Chipatala cha pa Foni pa nambala ya 54747, ndipo ena ndinkawalemba pakapepala n'kukaika m'buku la sikelo, chifukwa pamzere wautali munthu ukafika pamaso pa namwino umaiwala zonse.

Pali amayi ena amene amadandaula chifukwa sakumva chilichonse, ndipo mphunzitsi mnzanga wina anali wotero: sanasanzepo, sanadanepo ndi fungo, ndipo ankaopa kuti mwina mimbayo siili bwino. Anabereka mwana wathanzi. Matupi amalandira mahomoni mosiyana, ngakhale mkazi yemweyo pa mimba ziwiri, choncho kuchuluka kapena kuchepa kwa zizindikiro sikuyeza umoyo wa mwana. Chimene chimayeza ndi sikelo.

Mseru wanga unatha pang'onopang'ono chakumapeto kwa Disembala, mphamvu zinabwerera, ndipo matemba ndinayambanso kudya. Chilungulira ndi kudzimbidwa zinatsala mpaka kumapeto, ndipo panabwera zatsopano, monga mzere wakuda wotsika kuchokera pamchombo ndi madontho odera m'masaya, zimene zimachokeranso ku mahomoni ndipo zimazimirira mwana akabadwa. Mimba itapitirira masabata 13 komanso nditachira malungo aja, anayamba kundipatsa Fansidar woteteza ku malungo, mapiritsi atatu omwera pamaso pa namwino, ndipo amabwerezedwa pakadutsa mwezi, kosachepera katatu mimba isanathe. Amayi amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV sapatsidwa Fansidar, choncho ndi bwino kutchula mankhwala onse amene mukumwa pamene namwino akulemba m'buku lanu.